KUSANKHA GITALA YA BESI YOYAMBA

 M'phunziro lathu la nyimbo lero tikambirana za gitala ya besi yoyendera magetsi, makamaka za m'mene sukulu, kwaya kapena kholo lingasankhire gitala yotere poigula koyamba.

Nkhaniyi si yaing'ono ayi. Ndalama zogulira chida chotere sizitoledwa pa msewu. Pa sukulu zathu zambiri zimachokera kwa makolo amene agulitsa chimanga, nshawa, thonje kapena mpendadzuwa, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathe kusonkhetsa chaka chathunthu isanakwanitse. Gitala ikasankhidwa molakwika, imakathera pamwamba pa kabati mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, n'kumadya fumbi. Choipa koposa ndi chakuti mwana amene analephera kuiliza amaganiza kuti alibe mphatso ya nyimbo, pamene cholakwa chinali cha gitala, osati cha mwanayo. Motero mfundo yathu yaikulu lero ndi iyi: gitala ya besi isankhidwe ndi dzanja ndi khutu la amene adzailiza, osati ndi maso a amene akulipira.

Ntchito ya besi

Inu nonse mumadziwa kwaya. Pali mawu a asungwana amene amakwera pamwamba, ndipo pali mawu a amuna aakulu amene amayenda pansi. Mawu a pansiwo ndiwo besi. Amene anafikapo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba adzakumbukira kuti mbalule ndiyo imalankhula ndi wovina, koma pansi pake pamakhala ng'oma zina zimene zimasunga kayendedwe ka gule osasintha. Amene anaonerapo Nc'wala ku Mtenguleni adzakumbukira mapazi a amuna akuponda pansi nthawi imodzi, nthaka n'kumanjenjemera. Imeneyo ndiyo ntchito ya besi m'gulu la oimba. Imagwira ntchito ziwiri pamodzi: imasunga nthawi monga ng'oma, ndiponso imauza oimba ena liwu limene nyimbo yakhazikikapo. Woliza besi akasokonezeka, gulu lonse limasokonezeka.

Besi si chinthu chachilendo kwa ife. M'midzi yathu anyamata akhala akupanga besi yaoyao ndi mtengo wautali, chigubu kapena bokosi lokutidwa ndi chikopa, ndi nsambo za waya kapena za chingwe. Ku Luapula chida chotere chimatchedwa kalindula, ndipo dzina lake linafalikira mpaka linakhala dzina la nyimbo zimene zinamveka kwambiri pa wailesi m'zaka za m'ma 1980, pamene magulu monga Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula Band, ndiponso P. K. Chishala, analiza kayendedwe komweko pa magitala a magetsi. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, amachitcha babatoni. Yobu Maligwa wa gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe wafika nayo babatoni ya nsambo imodzi mpaka ku maiko a ku Ulaya. Tsono mwana wa ku Chipata amene afuna kuphunzira besi ya magetsi sakuyamba chinthu chatsopano; akungopitiriza ntchito imene akuluakulu ake anaiyamba kale.

Kumene gitalayi inachokera

Kale ku America ndi ku Ulaya magulu a oimba ankagwiritsa ntchito besi yaikulu yamatabwa, yoimirira, yotalika ngati munthu wamkulu. Inali yovuta kunyamula, ndipo pakati pa ng'oma ndi malipenga sinkamveka bwino. M'zaka za m'ma 1930 munthu wina wa ku Seattle, dzina lake Paul Tutmarc, anapanga besi ya magetsi yogwiridwa ngati gitala, koma sinafale. Mu 1951 Leo Fender wa ku California anatulutsa yake imene anaitcha Precision Bass, ndipo mu 1960 anatulutsanso ina yotchedwa Jazz Bass. Magitala ambiri a besi amene mudzawaona m'masitolo lero anatengera maonekedwe a ziwiri zimenezi.

M'zaka za m'ma 1970 gitala imeneyi inali itakhazikika kale m'dziko lathu. Nyimbo za Zamrock zinali ndi akatswiri ake a besi: Gedeon Mulenga m'gulu la WITCH, Jerry Mausala m'gulu la Amanaz, ndi Tommy Mwale m'gulu la Ngozi Family. Aphunzitsi, ngati mungathe kupeza nyimbo za magulu amenewa, aseweretseni ana imodzi, ndipo auzeni kuti asatsate woimba ndi pakamwa, koma afunefune liwu limene likuyenda pansi pa onse.

M'mene imagwirira ntchito

Gitala wamba iri ndi mimba ya mphako, ndipo mimbayo ndiyo imakuza mawu. Gitala ya besi ya magetsi ndi thabwa lolimba lopanda mphako. Pansi pa nsambo zake pali maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi. Mphamvuyo imayenda m'chingwe kupita ku bokosi lokuza mawu lotchedwa ampulifaya, ndipo sipika ya m'bokosimo ndiyo imatulutsa mawu amene timamva.

Pamenepa pali phunziro loyamba kwa wosunga ndalama. Simukugula chinthu chimodzi ayi. Mukugula gitala, ampulifaya ndi chingwe cholumikizira ziwirizi, kuwonjezapo lamba wopachikira gitala pa phewa ndi thumba loisungiramo. Amene atha ndalama zonse pa gitala yokha amafika kwawo ndi thabwa losalankhula. Musananyamuke, gawani ndalama zanu pa pepala, ndipo ampulifaya ipatsidwe gawo lake lokwanira.

Yesani ndi dzanja

Choyamba kuyang'ana ndi kutalika. Pa gitala ya besi ya masiku onse, mbali ya nsambo imene imanjenjemera ndi yotalika mainchesi 34, ndiwo masentimita 86. Palinso yaifupi ya mainchesi 30, ndiwo masentimita 76. Kusiyana kwa masentimita 10 kumaoneka kochepa, koma kwa mwana wa Giredi 5 kapena Giredi 6 ndi kwakukulu, pakuti pa gitala yaitali zala ziyenera kutambasuka kwambiri ndipo mkono uyenera kufika patali. Mwana akhale pa mpando, aike gitala pa ntchafu, ndipo ayese kudina nsambo kufupi ndi mutu wa gitala. Ngati atero phewa litakwera ndi msana utapindika, gitalayo yamkulira. Musachite manyazi kugula yaifupi poganiza kuti ndi choseweretsa. Paul McCartney wa gulu la Beatles analiza besi yaifupi ya Höfner pamaso pa dziko lonse.

Chachiwiri ndi kulemera. Magitala ambiri a besi amalemera makilogalamu 4 kapena kupitirira pang'ono. Mwana aipachike pa phewa ndi kuimirira nayo kwa nthawi yokwanira kuimba nyimbo ziwiri. Aisiye manja pang'ono: ngati mutu wa gitala ukugwera pansi, dzanja lamanzere lidzatopa ndi kuinyamula m'malo moliza.

Chachitatu ndi kunenepa kwa khosi, ndilo gawo lalitali limene zala zimadinapo. Magitala otengera Jazz Bass ali ndi khosi lowonda kufupi ndi mutu, mamilimita 38, pamene otengera Precision Bass ali ndi khosi lotambalala pang'ono. Dzanja laling'ono kawirikawiri limakondwa ndi khosi lowonda, koma woweruza ndi dzanja lenilenilo. Funsaninso ngati wophunzirayo ndi wamanzere, pakuti alipo magitala opangidwira anthu otere, ndipo funso limeneli liyenera kufunsidwa ndalama zisanaperekedwe.

Chachinayi ndi chiwerengero cha nsambo. Mudzaona magitala a nsambo 5 kapena 6, ndipo wogulitsa angakuuzeni kuti oliza a m'matchalitchi aakulu amakonda amenewo. Zimenezo ndi zoona, koma woyamba kuphunzira ayambe ndi nsambo 4. Maina ake, kuyambira yonenepa koposa, ndi E, A, D ndi G. Yonenepayo imanjenjemera maulendo 41 okha pa sekondi imodzi, ndipo ndicho chifukwa chake mawu ake timawamva ndi pachifuwa pomwe. Nsambo zinayi ndi zosavuta kuzitontholetsa pamene sizifunika kulira, khosi lake ndi lowonda, ndipo zikatha mtengo wogulira zina ndi wochepa.

Yang'anani khosi

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wofiira wonyezimira suliza nyimbo. Moyo wa gitala uli m'khosi mwake. Inyamuleni, muike diso ku mutu kwake, ndipo muyang'ane motsata khosi monga m'mene kalipentala amayang'anira thabwa. Khosi labwino limaoneka loongoka, kapena lokhota pang'ono pokha. Kukhota kochepa kungakonzedwe, chifukwa m'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo imene munthu wodziwa amaimanga kapena kuimasula. Koma ngati khosi lapotoka, mbali imodzi kukwera ndi ina kutsika, isiyeni gitalayo ngakhale mtengo wake utsike chotani.

Pa khosipo pali timizere tachitsulo topingasa, timene oliza amatitcha mafuleti. Werengani kuchokera ku mutu mpaka mufike pa kamzere ka 12, ndipo muone mpata umene uli pakati pa kamzereko ndi nsambo. Mpata wabwino ndi wa mamilimita 2 kapena 3. Ngati pensulo ingathe kulowa pamenepo, nsambo zakwera kwambiri, ndipo mwana adzatuluka matuza m'zala asanaphunzire nyimbo imodzi. Yendetsaninso dzanja m'mbali mwa khosi kuti mumve ngati nsonga za timizereto ziri zakuthwa.

Yesani ndi khutu

Tsopano lumikizani gitala ku ampulifaya. Musavomere kugula besi imene simunaimve ikulira. Lizani nsambo iriyonse pa kamzere kalikonse, kuyambira ku mutu kufikira kumunsi, mosafulumira. Liwu lirilonse limveke loyera ndipo likhalitse. Ngati pena pakumveka phokoso ngati la njuchi yolowa m'botolo, kapena liwu likufa msanga, pamenepo pali vuto. Ntchitoyi imatenga nthawi ndipo wogulitsa angayambe kutopa nanu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali kuyesa kwina kumene mwana aliyense wa m'kwaya angakuchite. Lizani nsambo osaidina, ndipo liwu limenelo mulitche do. Kenaka idineni pa kamzere ka 12 ndi kuilizanso. Muyenera kumva do yemweyo, koma wam'mwamba, chifukwa kamzere ka 12 kamagawa nsambo pakati penipeni. Ngati liwulo laphonya pang'ono, tizitsulo togwira nsambo kumunsi kwa gitala tingasunthidwe ndi sikuludiraiva. Ngati laphonya kwambiri pa nsambo zonse, gitalayo inapangidwa mosasamala, ndipo idzaphunzitsa khutu la mwana zabodza.

Potozani makiyi a ku mutu amene amamanga nsambo: ayende mosalala, osalimba ndiponso osabwerera okha. Potozaninso mabatani okweza ndi kutsitsa mawu, ndipo mugwedeze chingwe pang'ono pamene chalowa m'gitala. Mukamva kuthetheka kapena mawu kuduka, pali waya wosagwira bwino. Funsani ngati gitalayo imafuna batire. Zina ziri ndi kabatire ka mavoti 9 m'kati, ndipo kakatha gitala imayamba kulira moipa kapena kukhala chete, mwina pakati pa nyimbo pa tsiku la mpikisano. Pa sukulu ya kumudzi, yopanda batire ndiyo yosavutitsa.

Ampulifaya ndi magetsi

Besi imafuna ampulifaya yakeyake. Mawu ake amakankha sipika mwamphamvu, kotero kuti sipika ya wailesi kapena ya gitala wamba ingang'ambike mukakweza mawu. Pophunzirira m'kalasi, ampulifaya ya mawati 15 kufikira 25 ndi yokwanira. Ngati idzaimbidwa m'holo kapena m'tchalitchi pamodzi ndi ng'oma, pafunika ya mawati 100 kapena kuposa.

Aphunzitsi, mverani bwino pamenepa, pakuti pali moyo wa ana. Magetsi a m'dziko lathu ndi a mavoti 230. Ampulifaya zina zakale zochokera ku America zinapangidwira mavoti 120 okha, ndipo mukazilumikiza ku khoma zimapsa nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa bokosi. Pulagi ikhale ya mano atatu, ndipo musalole munthu kulowetsa mawaya osavala m'khoma ndi timitengo ta machesi. Nsambo za gitala ndi zachitsulo ndipo ndi zolumikizidwa ku ampulifaya. Mwana akanena kuti nsambo zikumuluma, zimitsani msanga ndi kuitana wodziwa zamagetsi. Mwana asalize gitalayi ali wopanda nsapato pa simenti yonyowa.

Ganizaninso ngati magetsi amapezeka pa sukulu panu nthawi zonse. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse, ndipo ziripo sukulu zina zimene mawaya sanafikeko. Ziripo ampulifaya zing'onozing'ono zoyendera mabatire, ndipo sukulu imene iri ndi magetsi a dzuwa ifunse amene anawaika ngati angathe kuyendetsa ampulifaya. Magetsi akazima, phunziro lisaime: mwana agunditse mutu wa gitala pa tebulo lamatabwa kapena pa chitseko, ndipo thabwalo lidzakuza mawu mokwanira kuti adzimve yekha.

Kogula ndi opita kukagula

Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa msewu wa Great East ndi makilomita oposa 550. Lilongwe ali pafupi, makilomita pafupifupi 140 kudzera pa Mwami ndi Mchinji, koma wogula kumeneko ayambe wafunsa za msonkho wa pa malire. Kulikonse kumene mungapite, kumbukirani kuti kubweza gitala yolakwika ndi ulendo winanso wa basi. Chifukwa chake yesani zonse muli m'sitolo momwemo, landirani lisiti, ndipo mugule nsambo zina zapadera tsiku lomwelo, pakuti nsambo za besi sizipezeka pa golosale iriyonse.

Masiku ano anthu amatsatsa magitala pa Facebook ndi pa WhatsApp. Chithunzi sichionetsa khosi lopotoka ndipo sichimveketsa phokoso. Musatumize ndalama za makolo pa foni kwa munthu amene katundu wake simunamugwire ndi manja.

Makampani monga Yamaha ndi Ibanez a ku Japan, ndiponso Squier, dzina limene kampani ya Fender yakhala ikugulitsira magitala otsika mtengo kuyambira mu 1982, amapanga magitala abwino a oyamba kuphunzira. Komabe dzina lolembedwa pa mutu wa gitala si umboni wokwanira, chifukwa alipo anthu amene amamata maina otchuka pa magitala achabechabe. Gitala yogwirapo kale ntchito, ngati yapambana mayeso amene tatchulawa, iposa yatsopano imene yawalephera.

Mutu umodzi susenza denga. Pokagula papite anthu atatu: mphunzitsi wosunga ndalama, munthu wodziwa kuliza besi, amene mungampeze m'magulu oimba a m'matchalitchi a m'tauni, ndi mwana mmodzi wa msinkhu wapakati woimira anzake. Mwanayo angakhale mnyamata kapena msungwana. Besi siisankha. Mayi wina wa ku America, Carol Kaye, analiza besi m'nyimbo zikwi zambiri zojambulidwa ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1960, ndipo amawerengedwa pakati pa akatswiri a chida chimenechi.

Gitala ikafika, isamalireni. Dzuwa la mwezi wa October ndi chinyezi cha m'dzinja ndiwo adani a thabwa. Musaisiye pa windo kapena pansi pa malata otentha, ndipo musaitsamiritse ku khoma ndi khosi lake. Aliyense asambe m'manja asanaigwire, ndipo apukute nsambo ndi nsalu youma akatha kuliza. Pakhale buku lolembamo dzina la wotenga ndi nthawi yobweza.

Ntchito ya m'kalasi

Sukulu imene iribe ndalama chaka chino isataye mtima, ndipo imene iri nazo isafulumire. Sabata ino, kalasi iriyonse ipange besi ya nsambo imodzi ndi chigubu, mtengo woongoka ndi waya kapena chingwe cholimba. Yezani kutalika kwa nsamboyo ndi rula, ikani chizindikiro pakati pake, ndipo mumve ngati do wam'mwamba ali pamenepo. Kenaka kalasi iimbe nyimbo imene imaidziwa bwino, ana akusinthana kuliza besi. Aphunzitsi, penyetsetsani. Mudzaona mwana wina, mwina amene sakweza dzanja kawirikawiri m'kalasi, akusunga nthawi osathamanga ndi osatsalira, akumvetsera anzake koposa kudzimvetsera yekha. Ameneyo ndiye mudzapite naye kusitolo tsiku logula gitala likadzafika, ndipo dzanja lake ndi khutu lake ndizo zidzakusankhireni.